Bootcamp ya coding ya ku Braamfontein, pulojekiti ya pagulu ndiyo inandibwezera ndalama

Abale ambiri a kwathu kuno ku Joni akhala akundifunsa ngati ma bootcamp a coding amenewa (maphunziro a miyezi yochepa olemba mapulogalamu a pakompyuta) ndi aphindu kapena ndi kungotaya marandi, ndiye ndati ndilembe za komwe ndinaphunzira ine ku Braamfontein chakufupi ndi yunivesite ya Wits, dzina ndilisunga chifukwa zina ndinene apa sizowakomera. Za m'kalasi ndi zapakatikati chabe. Chomwe ndingauze munthu kuti lipira ndi pulojekiti yomaliza ija amakupangitsani pagulu.

Miyezi yoyamba ndi HTML, CSS ndi JavaScript, kenako React ndi Node.js (zonsezi ndi zida zopangira ma website), ndipo aphunzitsi amathamanga heavy, ukangophonya tsiku limodzi basi watsalira. Kunena zoona zonsezi zilipo zaulere pa freeCodeCamp ndi pa YouTube, ukakhala ndi laputopu ndi bandulo utha kuphunzira wekha m'chipinda chako ku Mayfair kapena ku Turffontein osakwera tekisi ya pa Bree m'mawa uliwonse.

Koma kumapetoko amakugawani m'magulu kuti mupange web app yeniyeni yogwira ntchito. Ife tinali ine, mtsikana wa ku Bulawayo, anyamata awiri a ku Soweto ndi bambo wina wa ku Lubumbashi. Ganizo langa ndilo linadutsa, app yotsatira katundu amene timatumiza kumudzi ndi ma transporter. Mukudziwa nokha mmene zimakhalira, wapereka firiji ndi ma bale kwa adiraiva kenako sabata yonse kumangoimba "muli pati achimwene", iwo akuti tili pa Beitbridge, mawa lake foni sikupezeka, kenako akuti Nyamapanda, kenako Tete, mpaka adzafike pa Mwanza iwe mtima uli m'mwamba ndipo amayi kumudzi akukuimbira iwe ngati ndiwe ukuyendetsa galimotoyo. Mtsikana wa ku Bulawayo anagwirizana nazo pompo, kwawo vuto ndi lomweli ndi omalayitsha, ma transporter a kwawoko. Dongosolo linali loti diraiva azilemba pomwe wafika, mwini katundu alowetse nambala ya katundu wake aone. Mbali yomwe munthu amaona tinaipanga ndi React, ya kumbuyo pa server ndi Express, zonse zosungidwa mu database ya PostgreSQL.

Apa mpomwe ndinaona kusiyana ndi kuphunzira wekha. Git, pulogalamu yosunga zonse zomwe wasintha mu code, ndinkaidziwa, kupanga commit ndi push (kusunga ndi kutumiza zomwe wasintha) basi, koma anthu asanu mukamagwira fayilo imodzi ndi nkhani ina, merge conflict yoyamba (zosintha za anthu awiri zikagundana pamalo amodzi) inatikhalitsa pansi madzulo onse tikulozana zala kuti wafufuta code ya mnzake ndani. Mentor wathu sanatikonzere ayi, anangotseka branch ya main (kope lalikulu la code yathu) pa GitHub, website yomwe tinkasungapo code, nkunena kuti aliyense azigwira pa branch yake, atsegule pull request (pempho loti code yake ilowe mu main), wina aiwerenge kaye isanalowe. Poyamba zinkandipweteka mfana wa zaka 20 kumandilembera kuti function (kachigawo ka code) yanga ndi yaitali kwambiri, koma anali kunena zoona. M'mawa uliwonse standup ya mphindi zochepa mutaimirira, dzulo wapanga chani, lero upanga chani, chakukanika ndi chani, ndipo waulesi sabisala, khadi la ntchito yake pa Trello, bolodi la pa intaneti loonetsa ntchito ya aliyense, limangokhala pomwepo aliyense akuliona. Ifenso tinali naye m'modzi wotero, sukulu sinachitepo kanthu, malikisi tinalandira ofanana, chimenechi chinandinyasa.

Mentor yemweyo ndiye anatifunsa kuti ma foni nambala ndi ma adiresi a anthu mukusungawa mukudziwa za POPIA? Ndi lamulo la kuno loteteza zinsinsi za anthu ndipo linayamba kugwira ntchito kwathunthu pa 1 July 2021. Tinachotsa zambiri zomwe tinkafunsa anthu popanda chifukwa, ma password tinawabisa ndi bcrypt, fayilo ya .env yosunga makiyi achinsinsi a app osaikweza pa GitHub. Zoterezi pa vidiyo za ku America suzimva.

Zoipa tsopano. Magetsi akathima ndi load shedding jenereta inkayaka koma Wi-Fi inkatenga nthawi kubwerera, tinkathera data yathu pa hotspot chonsecho fizi talipira. Chachikulu ndi nkhani ya ntchito. Polembetsa amakuuza mokoma kuti tili ndi makampani otidikira, koma zomwe tinapeza ndi kukonzetsa CV, kukongoletsa LinkedIn ndi tsiku limodzi loonetsa ma pulojekiti kwa alendo. Ndipo kwa ife obwera funso loyamba la kampani ndi pepala, permit yako ndi yotani, code yako aiona pambuyo. Izi a sukulu akuuzeni musanalipire, muwafunsenso ngati satifiketi yawo ndi yovomerezeka ndi MICT SETA kapena QCTO, mabungwe a boma la kuno ovomereza maphunziro a ntchito, ndipo muone kaye za WeThinkCode_ yomwe inayamba mu 2015 ngati sukulu yosalipiritsa, musanakatenge ngongole. Mufunsenso kuti pulojekiti ya pagulu ndi ya nthawi yaitali bwanji komanso mentor m'modzi amayang'anira magulu angati, ikakhala ya masiku ochepa chabe musalowe.

Nyenyezi ndipereka 3 pa 5, ndipo ziwiri mwa zimenezo ndi za mentor uja. App ija tinakaionetsa kwa transporter wina wa ku Mangochi pafupi ndi Park Station, anaikonda koma akuti madiraiva ake sangamatsegule website ali pa mzere wa pa boda, akufuna zizingobwera pa WhatsApp, ndiye ine ndi mtsikana wa ku Bulawayo uja tikulimbana ndi zimenezo Loweruka lililonse.