Kuzimitsa ma phase ena kapena kudumphitsa ma pulse?

Ngakhale damu la Cahora Bassa lili m'chigawo chathu cha Tete, kuno kumidzi ya Angónia ambiri timadalira sola ndi batire. N'chifukwa chake zimandiwawa kompyuta ikamadya moto ili chikhalire.

Pa motherboard (bolodi lalikulu la m'kati mwa kompyuta), pafupi ndi purosesa, mudzaona timakoyilo tandandalikana. Koyilo iliyonse ndi ma MOSFET ake (timaswichi tamagetsi toyaka ndi kuzima mofulumira) ndiyo phase imodzi, ndipo zonse zimathandizana kutsitsa voteji kuchoka pa 12 V kufika pafupifupi 1 V. Ntchito ikachepa, phase iliyonse imayakabe ndi kuzima maulendo zikwi mazanamazana pa sekondi, ndipo ulendo uliwonse umataya kamoto pang'ono.

Pali njira ziwiri zochepetsera moto wotayikawu. Njira yoyamba ndi kuzimitsa ma phase ena n'kusiya imodzi kapena ziwiri. Zili ngati kutulutsa ng'ombe zina m'goli ngolo ikakhala yopanda katundu. Moto wotayika umatsika ndithu. Vuto limabwera purosesa ikafuna mphamvu mwadzidzidzi: ma phase ogonawo akachedwa kudzuka, voteji imagwa kwa kanthawi, ndiye pamafunika ma capacitor (tizipangizo tosunga moto kwa kanthawi) okwanira kuti agwirizize.

Njira yachiwiri ndi kudumphitsa ma pulse, kutanthauza maulendo ena a kuyaka ndi kuzima kuja: phase imayaka pokhapokha voteji ikatsika. Imapulumutsa kwambiri ntchito ikakhala yochepetsetsa, koma voteji imagwedezeka mokulirapo. Ndipo kuyakako kukatsika pansi pa 20 kHz (maulendo zikwi makumi awiri pa sekondi), koyilo imayamba kulira. Ndinakumvapo kulirako usiku wina, kanthu kakang'ono kakuti tswii ngati udzudzu.

Ine ndimayamba ndi yoyamba. Yachiwiri ndimaifuna pa phase imodzi yotsalayo basi.