Makalasi a Physics a Loweruka ku Kasungu

Mwana wanga wa Fomu 4 amapita ku makalasi owonjezera a Physics kufupi ndi msika wa Kasungu, ndipo ndalama yanga sinapite pachabe. Ankasokoneza mafomula awiri a mphamvu: ½mv² (mphamvu ya chinthu choyenda; m ndi kulemera kwake, v ndi liwiro) ndi E=mc². Aphunzitsiwo anamupatsa chitsanzo cha kabaza: munthu ndi njinga makilogalamu 80, liwiro mamita 5 pa sekondi, mphamvu yake majoule 1,000. Liwiro likawirikiza kawiri, mphamvuyo imawirikiza kanayi. Njinga ikaima, yathera pomwepo. Koma mphamvu ya E=mc² ija, ya wasayansi Einstein, ya mu 1905, imakhalamo m'chinthu ngakhale chitangokhala phee, ndipo c ndi liwiro la kuwala, pafupifupi makilomita 300,000 pa sekondi. Galamu imodzi yokha, majoule 90 thililiyoni!

Chondidandaulitsa n'chipinda: n'chothina, okhala kumbuyo saona bwino bolodi. Makolo anzanga, atumizeni ana anu, koma azilawirira kuti apeze malo kutsogolo.