Psycho kapena Rear Window: yoyambira ndi iti?

Mafilimu awiriwa onse ndi a Alfred Hitchcock, Rear Window ya 1954 ndi Psycho ya 1960. Ambiri amathamangira Psycho poti ndiyo imamveka, koma ine ndikuti muyambire inayo.

Chimene chikuipweteka Psycho ndi kutchuka kwake komweko. Mphamvu yake inagona pa chinsinsi, moti Hitchcock analetsa kulowetsa munthu wochedwa filimu ikayamba. Lero ndani sadziwa za kuphedwa kwa mayi m'bafa ku Bates Motel, nyumba yogona alendo ya m'filimuyi? Ena akoperakopera mpaka zasuluka, ndipo wozolowera magazi a m'mafilimu amakono sangadzidzimuke. Chomwe sichinathe mphamvu ndi Anthony Perkins, wosewera ngati woyang'anira nyumbayo: mumuone akucheza ndi Janet Leigh, mlendo wake, pansi pa mbalame zoumitsa zapakhoma, kumwetulira kwamanyazi, kenaka nkhope n'kusintha mwadzidzidzi. Nyimbo za Bernard Herrmann nazonso zimabayabe. Koma kumapeto kumabwera dokotala wa zamaganizo n'kuyamba kufotokoza zonse ngati mphunzitsi m'kalasi, filimu n'kuzirala.

Rear Window sidalira kukubisirani kanthu. James Stewart akusewera ngati wojambula zithunzi wa ku New York, mwendo uli m'chikhakha, ndipo pofuna kutayitsa nthawi amangosuzumira m'mawindo mwa anthu oyandikana nawo. Mayi wina wodwala wa kutsidya wasowa. Mwamuna wake akutuluka pakati pa usiku ndi sutikesi, kwinaku akukulunga mpeni ndi sowo m'nyuzipepala. Kamera sichoka kwenikweni m'chipinda cha wovulalayo, ndiye zomwe sakuona iye, inunso simuziona. Grace Kelly, bwenzi la wojambulayo, atakwera kukalowa m'nyumba ya mwamuna uja, mwini wake n'kutulukira pakhonde, wojambula uja akungoonerera, kukuwa sangathe, kudzuka sangathe. Pamenepo mtima umagunda ngakhale mukuonera kachiwiri. Ndiponso zosuzumira za eni sizachilendo kwa ife okonda kuunguza pa Facebook.

Zoona, imayamba pang'onopang'ono, ndipo za chibwenzi cha awiriwo zimatalika. Wosaugwira mtima akhoza kuisiya panjira.

Ganiziraninso choonerapo. Rear Window imafuna TV yaikulu chifukwa nkhani ili m'timawindo takutali. Pafoni mphete ya mayi wosowa uja yomwe ili pachala cha Grace Kelly simuiona. Psycho ndi yakuda ndi yoyera, nkhope zili pafupi, ndiye pafoni imaoneka bwinobwino, bola mumve nyimbozo mokweza.