Cboard, app ya zithunzi zolankhula, pa tabuleti ya adadi, patatha miyezi 7 tikuigwiritsa ntchito

Adadi anadwala sitiroko chaka chatha mwezi wa Juni, BP inakwera ali kudimba, pomwe timafika nawo kuchipatala mkono ndi mwendo wakumanja zinali zitafooka kale. Mwendowo unabwerera pang'onopang'ono, pano amayenda ndi ndodo, koma pakamwa ndiye panamangika. Munthu woti anagwira uphunzitsi zaka 31, amene pamaliro kapena pa chinkhoswe anthu ankati alankhule ndi iwowo, anatsala ndi mawu atatu basi, eya, ayi ndi kaya, ndiye awiri oyambawo nthawi zina amawasemphanitsa, mutu ukupukusa kukana pakamwa pakutuluka eya. Vutoli amalitcha aphasia. Mayi amene amawaphunzitsa kulankhula, speech therapist, anatifotokozera kuti pa anthu atatu odwala sitiroko pafupifupi mmodzi amakumana nalo, makamaka ikagunda ubongo wakumanzere chifukwa anthu ambiri nkhani ya mawu imakhala mbali imeneyo, nchifukwa chake zimayenda limodzi ndi kufooka kwa dzanja lamanja. Dokotala wa ku France, Paul Broca, analemba za vutoli kalekale mu 1861, wodwala wake ankangotha kunena kuti tan basi koma zolankhula anthu akumva. Adadinso ndi choncho, nzeru zonse zilipo, mukawanamiza mtengo wa feteleza amakuyang'anani ndi diso lija la mkalasi.

Poyamba ife timangoti tiwapatse foni azilemba. Sizinatheke, aphasia imakhudzanso kulemba ndi kuwerenga, zilembo zimawasokonekera. Ndiye achemwali anga a ku Johannesburg anatumiza tabuleti ya Android yakale ndithu, nkuti tifufuze ma app azithunzi omwe munthu akadina chithunzi chimalankhula. Yotchuka kwambiri ndi Proloquo2Go koma imeneyo ndi ya zida za Apple zokha ndipo nthawi imene ndimayang'ana inali pafupifupi madola 250, ife sitikanakwanitsa. Tinathera pa Cboard. Mmodzi mwa amene anaiyambitsa ndi Martín Bedouret wa ku Argentina, iyeyo anapezeka ndi matenda ofooketsa thupi otchedwa ALS, omwe aja anadwala wasayansi Stephen Hawking, ndipo a UNICEF anaikapo thandizo. Kuitsitsa sitinalipire, imatsegukanso pa browser ngati muli pa kompyuta.

Mukangoitsegula mumapeza timabokosi tazithunzi, zakudya, zakumwa, thupi, anthu, mmene munthu akumvera, choncho. Mukadina kabokosi mawu amamveka, kachithunziko kamakakhala pamwamba pa mzere ndiye mutha kulumikiza tingapo kupanga chiganizo. Zithunzi zake ndi zojambula zija amati Mulberry, muthanso kusaka za ARASAAC zochokera ku Spain. Zooneka bwino ndithu koma tsiku loyamba adadi anangoikankhira uko. Ndipo ndinawamvetsa. Tabuleti yathu ilibe mawu a Chichewa, inkalankhula Chingerezi ndi mawu a mzimayi wachizungu, titayesa kulemba nsima inawerenga zosamveka, ndiye zakudya zomwe zinalipo ndi zoti kwathu sitidya. Chingerezi adadi amachidziwa bwino koma munthu akamva ululu safuna kuuza mkazi wake za ululuwo m'Chingerezi.

Chomwe chinasintha zinthu ndi ichi, ndipo kwa ine apa ndiye pali phindu lonse la app imeneyi. Mukadina kaloko kali pakona kangapo kamatseguka ndiye mumatha kusintha chilichonse, kuchotsa kabokosi, kuika chithunzi chojambula nokha ndi kamera, komanso kutepa mawu anu. Tinakhala Loweruka lonse ine ndi mng'ono wanga tikuzungulira pakhomo kujambula. Kapu yawo ya tiyi yobiriwira yothyoka chogwirira. Mbale ya nsima ya mgaiwa, chigwada, usipa, phala. Chitseko cha kuchimbudzi chenichenicho, mpando wawo wa pakhonde, wailesi, magalasi, botolo la mankhwala a BP, nkhope ya amayi, ya mdzukulu aliyense. A therapist aja atamva anati tachita bwino, kafukufuku wa anthu a aphasia anapeza kuti amazindikira msanga zithunzi za zinthu zawozawo kusiyana ndi zojambula, koma anatiuza tichepetse, ife tinali titadzaza 30 pa tsamba limodzi. Tinasiya 6 zikuluzikulu, zofunika kwambiri nkuziika chakumanzere poti dzanja lomwe akugwiritsa ntchito pano ndi lamanzere.

Nkhani ya mawu ndiye inandiphunzitsa kanthu. Woyamba kutepa anali mwana wanga wa Sitandade 5 chifukwa amalankhula momveka, ndiye tabuleti imati "ndikufuna kupita kuchimbudzi" ndi mawu a kamtsikana ka zaka 10. Adadi anadina kamodzi, nkhope inagwa, osadinanso sabata yonse, ife osadziwa chalakwika. Amayi ndi amene anazitulukira, anati "inu ana inu, bambo anuwa akhala mwana liti?" Tinakaitana abambo aang'ono, mawu awo ndi ofanana kwambiri ndi a adadi mpaka pafoni anthu ankawasokoneza, anakhala pakhonde madzulo onse akutepa, ndipo iwowo anakonzanso zina zomwe ife tinalakwitsa. Ife tinalemba ndikufuna madzi, iwo anati achimwene sanena choncho, amati "tandipatseniko madzi akumwa". Poitana amayi anatepa mmene adadi amawaitanira, ndi mfunda wawo. Tsiku lomwe anadina kabokosi kameneko amayi ali kukhitchini, amayi anayankha "wawa" asanaganize nkomwe, kenako anatuluka atagwira chipande m'manja misozi ili chuchuchu.

Zovuta zilipo, ndisakunamizeni. Kutepa mawu ndi ntchito, kabokosi kalikonse pakokha, ndipo poti Chichewa mawu amasintha kutsogolo, ndikufuna, tikufuna, sindikufuna, njira ija yolumikiza tizithunzi kupanga chiganizo kwa ife siyenda bwino, tinangosankha kuti kabokosi kamodzi kazinena chiganizo chonse. Sipika ya tabuleti yathu ndi yotsika, pakakhala alendo kapena mvula ikamagunda malata palibe chomveka, tinagula kasipika ka Bluetooth kumsika. Intaneti siifunika tsiku ndi tsiku, bando imangofunika potsitsa ndi posaka zithunzi zatsopano, izi zinandisangalatsa. Koma magetsi akathima tsiku lonse batire likatha ndiye kuti adadi atsekedwanso pakamwa, ndiye tinatulutsa matsamba aja pa PDF, app imalola, tinakapulinta ndi kumata pulasitiki ku stationery. Pepala lina lili kuchipinda pafupi ndi bedi, lina limakhala m'thumba la jekete popita kutchalitchi. Kunena zoona usiku amagwiritsa ntchito kwambiri pepalalo kuposa tabuleti.

Azakhali anga ankadandaula kuti makinawa awachititsa ulesi, sadzalankhulanso ndi pakamwa. Ndinafunsa a therapist, anati ayi, sizilepheretsa, ndipo iwo amaigwiritsa ntchito pophunzitsa, adadi amadina kaye, kumva mawuwo, kenako kuyesera kubwereza. Pano amatha kunena madzi, tiyi ndi zikomo okha. Sindinganene kuti ndi app yachita zimenezo, ubongo umachira pawokha miyezi yoyambirira komanso mayi aja agwira ntchito yaikulu, chonsecho timawaona kamodzi pa mwezi chifukwa anthu a ntchito imeneyi kuno ndi ochepa zedi ndipo mzere umakhala wautali. Amawaimbitsanso. Chodabwitsa nchoti munthu wolephera kutchula dzina lake amaimba ndime yonse ya nyimbo ya kutchalitchi mawu onse kutuluka bwinobwino, ndipo pali njira yophunzitsira kulankhula kudzera m'kaimbidwe yomwe akatswiri a ku Boston anailemba mu 1973, amati Melodic Intonation Therapy. Zimenezi tabuleti singachite, pamafunika munthu wokhala nawo pafupi akuwagunda padzanja lamanzere motsatira kaimbidweko.

Ngati muli ndi wodwala sitiroko kapena mwana wosalankhula ine ndingati yesani, pa 5 ndikuipatsa 4, koma konzekani kutaya masiku angapo mukuisandutsa ya pakhomo panu, ndipo wodwalayo azisankha nawo zoikamo. Ife tinali titaika za kudya, kusamba ndi ululu zokhazokha ngati moyo wawo watsala pamenepo. Mwezi watha anandikoka malaya nkumaloza wailesi kenako tabuleti, mobwerezabwereza, mpaka ndinamva kuti akufuna tsamba la mpira. Pano lilipo, muli Bullets, muli Manoma, muli "zatha bwanji?" ndi "chigoli!" cha abambo aang'ono chokuwa mpaka sipika kunjenjemera. Loweruka likubwerali tikuwonjezera tsamba la kudimba, akufuna azifunsa okha ngati tomato wathiriridwa.