Thanki ya malita 140 pa Hilux: ndaipatsa nyenyezi 4 mwa 5

Ndachotsapo nyenyezi imodzi chifukwa cha geji ya mafuta ndi kulemera kwake, koma pa ntchito imene ndinaigulira, thanki imeneyi yandikwanira. Galimoto yanga ndi Toyota Hilux ya dizilo, double cab, injini ya 2.8. Thanki yobwera nayo kuchokera ku fakitale ndi ya malita 80. Pa msewu wa phula malita amenewo ndi ambiri ndithu, munthu umachoka ku Blantyre mpaka ku Mzuzu osaima pa pampu ngati phazi lako lili lofatsa. Vuto limayamba phula likatha.

Ntchito yanga ndi yonyamula alendo okaona nyama ndi malo. Ulendo wa ku Nyika ndi umene unandikakamiza kuganiza zosintha thanki. Ukamwetsa ku Rumphi, pali makilomita opitirira 100 a msewu wovuta kudutsa pa geti ya Thazima mpaka ku Chelinda, ndiye alendo amafuna kuzungulira paphiripo masiku angapo, kenako kutsika. Mtunda wonsewo sungadalire kuti ukapeza dizilo. Kale ndinkanyamula zigubu za malita 20 kumbuyo. Fungo linkalowa m'zikwama za alendo, malo a katundu ankachepa, ndipo kuthira mafuta ndi fanelo mvula ikugwa si ntchito yosangalatsa. Pamene mafuta anayamba kusowa m'dziko muno mu 2022, a MERA, bungwe loyang'anira za mafuta ndi magetsi, n'kuletsa kugula m'zigubu popanda chilolezo, zigubuzo zinasanduka mlandu wina pa filing'i siteshoni iliyonse.

Amene akufuna kugula adziwe kuti mathanki awa alipo a mitundu iwiri. Mtundu woyamba umachotsa thanki yakale n'kuikapo ina yaikulu pamalo omwewo. Wachiwiri umasiya yakaleyo n'kuwonjezera ina yothandizira, imene imatsanulira mafuta mu yaikulu kudzera pa kapampu ka magetsi kapena mongotsetsereka yokha. Ine ndinasankha woyamba, ndipo ndikanati ndisankhenso lero, ndikanabwereza. Thanki yothandizira imabwera ndi pampu, mawaya, switchi ndi mapaipi owonjezera, zonsezo ndi zinthu zoti tsiku lina zidzafa uli pakati pa tchire. Ina mwa mathanki othandizirawa imakhala pamene pamagona tayala la sipeya, ndiye tayalalo limatsika pafupi ndi nthaka kapena ulipezere malo ena. Ya mtundu woyamba imagwiritsa ntchito pampu ndi pakamwa pothirira pomwe pa galimotoyo. Ubwino wa mathanki awiri sindiukana: imodzi ikabooka kapena ukamwetsa dizilo wosakaniza, ina imakupulumutsa. Amene amayenda m'chipululu cha Kalahari ku Botswana ali ndi chifukwa choganizira zimenezo. Kwa ine, kuchepetsa zinthu zofuna kukonza ndiko kunali kofunika.

Panalinso nkhani ya chitsulo kapena pulasitiki. ARB imapanga mathanki a pulasitiki yolimba otchedwa Frontier, pamene Long Ranger ndi Brown Davis za ku Australia zimadziwika ndi achitsulo. Pulasitiki ndi yopepuka, sichita dzimbiri, ndipo ikagunda mwala imakonda kubwerera m'malo mwake. Koma ikang'ambika, ku Rumphi kapena ku Chitipa simupeza woikonza. Yanga ndi yachitsulo, ndinaitanitsa ku shopu ina ya zipangizo za 4x4 ku Johannesburg. Chitsulo chikasweka, wowotcherera wodziwa ntchito amachibwezeretsa, bola thankiyo aichotse, aitsuke bwinobwino mpweya wa mafuta utheretu asanayatse moto. Mkati mwake muli zitsulo zotchinga kuti mafuta asamakhuthukire mbali imodzi pokwera phiri. Musagule thanki yaikulu yopanda zimenezi, ngakhale mtengo utsike bwanji.

Tsopano geji. Thanki yatsopanoyi imagwiritsa ntchito choyezera chakale chomwe chija, chimene chinapangidwira malita 80. Zotsatira zake, muvi umakhala pa F osasuntha kwa mtunda wautali, munthu n'kumadzinamiza kuti galimoto yasiya kumwa. Ukangoyamba kutsika umatsika mosadalirika. Nambala ya pa dashibodi yonena makilomita otsala nayonso imanama, chifukwa kompyuta ya galimoto ikuwerengabe za thanki yakale. Kanyali kochenjeza kamayaka mkati mukadali mafuta ochuluka kuposa kale. Ogulitsa ananena zimenezi pang'ono chabe, m'kapepala ka malangizo, pamene ndi chinthu chimene umakumana nacho tsiku lililonse. Chimene ndinachita ndi ichi: thanki itatsala pang'ono kuuma, ndinathira malita 20, n'kulemba pamene muvi waima, kenako ena 20, mpaka kudzaza. Kapepalako ndinakamata pafupi ndi chiwongolero. Masiku ano ndimakhulupirira kwambiri tripu mita, yowerenga makilomita amene ndayenda, kuposa muviwo.

Kulemera ndi nkhani imene anthu ambiri saiwerengera. Lita imodzi ya dizilo imalemera pafupifupi magalamu 840, kutanthauza kuti malita 60 owonjezerawo ndi makilogalamu 50, thumba lathunthu la chimanga limene umayenda nalo paliponse. Onjezanipo kulemera kwa chitsulo chenichenicho. Zonsezi zimakhala mbali imodzi ya galimoto, ndipo yanga inkapendekeka pang'ono ikadzaza mpaka nditasintha masipuling'i akumbuyo. Ndalama imeneyo muiwerengere limodzi ndi mtengo wa thanki, mtengo wotumizira ndi msonkho wa pa boda. Ngati muli kale ndi kanopi, bulubala, winchi, tenti ya padenga ndi firiji, onani kulemera kumene galimoto yanu imaloledwa kunyamula musanawonjezere china. A inshuwalansi nawonso auzeni kuti mwasintha thanki.

Pansi, thankiyi inatsika pang'ono poyerekeza ndi yakale koma sinapitirire shasi. Yakhudzapo miyala kangapo, ili ndi zipsera, koma sinadonthepo.

Chimene chinandivutitsa masabata oyamba chinali kaikidwe, osati thankiyo. Pa galaji imene anandiikira anapinda paipi yopumira, ndiye pomwetsa pampu inkangodula, dizilo n'kumabwerera kukamwa ngati yadzaza pamene ili theka. Makaniko wina atawongola paipiyo vuto linatha. Mukamakaitenga galimoto, lowani pansi muone nokha: paipi yopumira isapindike, thanki isayandikire kwambiri ekizozi kapena propu shafuti, ndipo mabauti akamangidwenso mukayenda ulendo woyamba wa msewu wa mabampu.

Mtunda umene ndikuyenda tsopano ndi umene wandisangalatsa. Pa phula galimoto yanga imamwa pafupifupi malita 10 pa makilomita 100 ikakhala ndi katundu, ndiye thanki imodzi imadutsa makilomita 1,200 mosavuta. Mu mchenga ndi m'matope, pa giya yamphamvu yoyendera malo ovuta ya low range, imafika cha m'ma 15, komabe ndimapita ku Chelinda, kuzungulira, n'kubwerera ku Mzuzu mtima uli m'malo. Popita ku South Luangwa ku Zambia ndimamwetsa ku Chipata, za mafuta a ku Mfuwe osaziganiziranso. Phindu lina ndi loti ndimasankha pomwetsa. Injini zamakono za dizilo ngati yangayi, zotchedwa common rail, sizigwirizana ndi madzi kapena litsiro, ndipo dizilo wa m'mbali mwa msewu wawonongera anthu ma injector, zipangizo zopopera dizilo mu injini, a ndalama zambiri.

Pa nthawi ya mizere, thanki yaikulu imathandiza pokhapokha akulole kudzaza. Masiku ena amapereka mafuta a mlingo umodzi kwa aliyense, ndiye malita 140 ako amangokhala dzina. Kudzaza kamodzi kumapwetekanso thumba, ndipo kusiya thanki yaikulu ili pafupifupi yopanda kanthu kwa nthawi yaitali kumaitana chinyezi mkati.

Amene galimoto yake imangozungulira mu Lilongwe n'kupita ku Salima pa Khirisimasi asavutike nayo, ndalamayo agulire matayala abwino. Koma onyamula alendo, a mabungwe oyenda m'midzi, ogula mbewu kumalire ndi ena otere adzaona phindu lake msanga. Funsani ogulitsa ngati thankiyo ikugwirizana ndi chaka cha galimoto yanu komanso ngati ndi single cab kapena double cab, chifukwa zomangira zake zimasiyana.