Mchenga wa mitu ya sitima: gondola, hopper kapena lole?

Mutu wa sitima umathira mchenga pa njanji kutsogolo kwa mawilo kuti asamaterereke ponyamuka ndi katundu wolemera, pokwera chitunda, kapena njanji zikanyowa. Mchengawo uyenera kukhala wouma bwinobwino, chifukwa wonyowa umaundana n'kutseka mapaipi. Njira zonse zobweretsera mchenga pa yadi zimachokera pa nkhani imeneyi: kodi ufika wonyowa n'kudzaumitsidwa pomwepo, kapena ufika wouma kale? Ife omanga timasitima tating'ono ta pa tebulo, totsanzira sitima zenizeni, tiyenera kuyankha funsoli tisanagule bogi ngakhale imodzi.

Njira yakale, ya nthawi ya mitu yoyendera nthunzi ku America, ndi ya gondola, bogi yotsegula pamwamba ija. Mchenga unkabwera wonyowa, antchito n'kuutsitsa ndi mafosholo kapena makina okumbira, n'kuuunjika m'khola lamatabwa pambali pa njanji. Kuchoka apo unkalowa m'kanyumba kowumitsira momwe munali ng'anjo ya malasha kapena mapaipi a nthunzi. Ukauma ankausefa kuti timiyala titsale, kenako mpweya wopopedwa unkaukankhira m'paipi mpaka m'thanki ya pansanja, pomwe unkatsetserekera m'nkhokwe ya mchenga pamsana pa boila ya mutu wa sitima. Pa tebulo lanu zimenezi n'zokoma kuziona: mulu wa mchenga wakuda chifukwa cha chinyezi, chumuni chodetsedwa ndi mwaye, matabwa a khola atapindika ndi kulemera, kamunthu katagwira fosholo. A kampani ya Walthers, yogulitsa zida za timasitima, ali ndi seti yomanga wekha ya mtundu wa Cornerstone yokhala ndi nsanja pamodzi ndi kanyumba kowumitsira. Vuto ndi malo. Khola, kanyumba, nsanja ndi kanjanji koimikapo gondola zimadya gawo lalikulu la yadi, ngakhale mu muyeso wa timasitima tating'ono kwambiri wa N (1:160), nanji mu wa tokulirapo wa HO (1:87).

Makampani ena a sitima ankanyamula mchenga wouma m'maboxcar akale, mabogi otsekedwa okhala ndi zitseko m'mbali, atatchinga zitseko ndi matabwa m'kati. Ngati muli ndi boxcar yomwe ikungokhala m'bokosi, ipakeni utoto wotuwa, muilembe kuti ndi ya ntchito za kampani, basi.

Ine mtima wanga uli pa covered hopper, bogi yokhala ndi denga ndi zivundikiro pamwamba, yotsanulira pansi. Mchenga umafika wouma kale, motero khola ndi ng'anjo sizifunikanso. Hopper imaima pafupi ndi nsanja, paipi n'kulumikizidwa pansi pake, mpweya n'kukweza mchenga. Koma samalani posankha. Mchenga ndi wolemera, pafupifupi matani 1.6 pa kyubiki mita imodzi, ndiye umayenda m'mahopper afupiafupi a zipinda ziwiri. Hopper yaitali ya tirigu itadzazidwa mchenga ingapitirire kulemera kololedwa, ndipo wodziwa akaiona pansi pa nsanja yanu adzangopukusa mutu. Yoyenera ndi monga PS-2, hopper ya kampani ya Pullman-Standard, yomwe inatuluka m'zaka za m'ma 1950. Makampani a timasitima a Kadee ndi Atlas anaipanga mu HO, ndipo kutalika kwake ndi masentimita 12 okha mwina kupitirirako pang'ono. Imakwana pakanjanji kakafupi, komanso imakupatsani ntchito: yodzaza ilowe, yopanda kanthu ituluke. Pa mitu ya dizilo kumbukirani kuti nkhokwe za mchenga zili kutsogolo ndi kumbuyo, choncho nsanja ikhale ndi mapaipi ofewa ofika mbali zonse.

Lole ya thanki ndiyo njira ya mayadi ambiri masiku ano. Imafika pamsewu, imapopera mchenga m'nsanja, imapita. Pa tebulo sifuna njanji iliyonse, koma imangoima chiimire ngati chipilala, palibe choti muyendetse. Ndi ya amene malo awathera, kapena amene akutsanzira yadi yamakono ndendende.

Mukasankha gondola, mudzafuna mulu wa mchenga weniweni. Wa kumtsinje umaoneka ngati miyala mu HO, ndiye usefeni ndi sefa yamaso aang'ono kwambiri. Mukatero pitirizani maginito pamwamba pake kangapo, chifukwa mchenga wambiri umakhala ndi tinthu tachitsulo tomwe timakokedwa ndi maginito a mota ya kamutu ka sitima n'kukalowa m'magiya. Pansi pa mulu ikani thovu losema, mchenga ungokuta pamwamba, n'kuumata ndi guluu woyera wosungunula ndi madzi.