Inshuwalansi ya paulendo imene ndinawagulira amayi popita ku England: bilu yaikulu inalipiridwa, zing'onozing'ono zinativuta

Ndemanga iyi ndi ya inshuwalansi ya paulendo, ija imalipira chipatala munthu akadwala ali kunja kwa dziko. Ndinaigula ku kampani ina ku City Centre kuno ku Lilongwe, kuwagulira amayi anga pamene ankapita ku Leeds kukathandiza mlongo wanga amene anali atangochira kumene, ali m'chikuta ndi mwana wake woyamba. Amayi anakadwaladi kumeneko mpaka kugonekedwa, choncho zimene ndikunenazi ndaziona ndi maso, si zongomva. Pa nyenyezi zisanu ndikupereka zinayi. Bilu ya chipatala analipira ndithu. Nyenyezi yachisanu ndawamana chifukwa cha mmene anatiyendetsera pa ndalama zimene tinatulutsa m'thumba mwathu.

Ndiyambe ndi nkhani imene imasocheretsa ambiri. Ife tinazolowera kuti ukadwala umanyamula kabuku ka kuchipatala, kupita ku Bwaila kapena ku Central, kukhala pamzere, ndipo palibe amene amakufunsa ndalama. Tikamamva kuti ku UK chipatala cha boma, chimene amati NHS, n'chaulere, timaganiza kuti ndi chimodzimodzi. Si choncho. N'chaulere kwa anthu okhazikika m'dzikomo, ndiponso kwa amene ali ndi viza yopitirira miyezi 6 amene amalipiriratu msonkho wa zaumoyo pofunsira viza. Mlendo wa viza yongocheza, ngati amayi, salipira msonkho umenewu ndipo sali m'gulu la othandizidwa ulere. Kuyambira chaka cha 2015, ku England mlendo wotere amalipiritsidwa 150 peresenti ya mtengo umene NHS inaika pa chithandizocho, kutanthauza mtengo wonse n'kuwonjezerapo theka. Chopusitsa china n'choti pofunsira viza yokacheza ku UK sakakamiza munthu kuonetsa inshuwalansi. Mayiko a Schengen, monga Germany ndi France, amafuna pepala la inshuwalansi yosachepera mayuro 30,000 asanakupatse viza. Poti a UK safunsa, makolo athu ambiri amakwera ndege pa KIA opanda kalikonse kowateteza.

Pogula sindinavutike. Ndinalipira m'makwacha, pamene malire a ndalama zimene angalipire kuchipatala analembedwa m'madola. Ichi chokha ndi chinthu chachikulu masiku ano amene ndalama zakunja zikusowa m'mabanki. Mtengo unakwera chifukwa amayi anapitirira zaka 65, komabe sunayandikire n'komwe mtengo wa tikiti ya ndege. Mayi amene anandithandiza pa kauntala ndimawathokoza mpaka lero. Titafika pa funso la matenda amene munthu ali nawo kale, anaika cholembera pansi n'kundiuza kuti, "Bambo, ngati amayiwo amamwa mankhwala a BP kapena a shuga, lembani. Anthu amabisa kuti mtengo utsike, kenako tsiku lovuta kampani imakana kulipira chilichonse." Amayi amamwa mankhwala a BP kwa zaka zambiri, ndipo tinalemba zonse, ndi mayina a mapilitsi omwe. Anandifotokozeranso momveka kuti vuto lochokera ku BP yomweyo, monga sitiroko, silili m'gulu la zimene adzalipire pa mgwirizano umene ndinasankha. Sizinandisangalatse, koma ndinatuluka mu ofesimo ndikudziwa chimene ndagula.

Amayi anafika ku Leeds nyengo yozizira itayamba kale. Munthu wozolowera dzuwa la ku Area 25, kumeneko mdima ukugwa cha m'ma 4 koloko masana. Anayamba kutsokomola, koma mukudziwa mmene alili makolo athu. Akafunsidwa ankangoti, "Ndi chimfine chabe, mwanawe, chitha chokha. Iwe yang'anira khandalo." Usiku wina thupi linatentha kwambiri, akupuma mobanika, osatha kumaliza chiganizo. Mlamu wanga anaimba 999, ambulansi inabwera n'kuwatengera ku A&E, komwe amalandirira odwala mwadzidzidzi. Atawajambula m'chifuwa anapeza chibayo.

Apa ndi pamene lamulo la kumeneko liyenera kumveka bwino. Chithandizo cha ku A&E n'chaulere kwa aliyense, ngakhale mlendo. Kukaonana ndi dokotala wa m'dera, amene amati GP, n'kwaulerenso. Koma akangoti wodwalayu agonekedwe mu wodi, bilu imayamba kuwerengedwa. Pali matenda ena opatsirana kapena oopsa kwa anthu ambiri amene salipiritsa ngakhale kwa mlendo, monga TB, HIV ndi malungo, ndipo zimenezi n'zofunika kuti ife a ku Malawi tizidziwe, poti malungo amatha kuonekera munthu atafika kale kumene akupita. Chibayo ngati cha amayichi sichili pa mndandandawo. Sanawakanize chithandizo, poti lamulo silola kukaniza wodwala amene moyo wake uli pachiswe. Anawaika pa okosijeni ndi dripi ya mankhwala nthawi yomweyo. Koma m'mawa mwake kunabwera mayi wina wa ku ofesi yoona za odwala ochokera kunja, atanyamula fomu, n'kupempha pasipoti.

Mlongo wanga anandiimbira akulira, mwana ali kubere. "Achimwene, akufunsa kuti alipira ndani. Pepala lija lili kuti?" Pepalalo ndinali nditalijambula n'kulitumiza pa WhatsApp amayi asananyamuke, ndipo lina linali m'chikwama chawo limodzi ndi pasipoti. Kumbuyo kwake kuli nambala yoimba nthawi iliyonse, usana ndi usiku. Nambala imeneyi si ya ofesi ya ku Lilongwe ayi. Ndi ya kampani ina yakunja imene amagwira nayo ntchito, ndipo ndi iyo imene imalankhulana ndi zipatala. Anthu amenewa ndi amene anagwira ntchito yotamandika. Anayankha msanga, anatipatsa nambala ya nkhani yathu, anafunsa dzina la chipatala ndi la wodi, ndipo tsiku lomwelo anali atalumikizana kale ndi ofesi ya kuchipatala ija yoona za odwala ochokera kunja.

Sanavomere kulipira nthawi yomweyo. Anafuna kaye lipoti la dokotala, komanso mbiri ya matenda a amayi kuno kumudzi. Ndinakatenga kabuku kawo ka kuchipatala, kakale kothothoka chikuto, n'kujambula tsamba lililonse patebulo, pamene pali masiku amene anayezetsa BP ndi mankhwala amene analandira. Ankafuna kuona ngati chifuwachi chinayamba asananyamuke, ndiponso ngati panali matenda amene sitinaulule. Zimene zinali m'kabukumo zinafanana ndendende ndi zimene tinalemba pa fomu ku City Centre. Dokotala wa kumeneko analembanso kuti chibayocho n'chatsopano ndipo sichikukhudzana ndi BP. Zitatero anatumiza kalata kuchipatala yolonjeza kulipira, ndipo mlongo wanga sanafunsidwenso za ndalama. Nthawi yodikira kalatayo inali yowawa, mtima uli m'mwamba, koma sindingawadzudzule pofufuza. Anafunsa zoyenera, ndipo atapeza mayankho sanazengereze.

Bilu itabwera tinapatsidwa kope. Inali pafupifupi mapaundi 5,000, pa masiku osakwana sabata mu wodi wamba, popanda opaleshoni. Chiyambire pamene kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu November 2023, paundi imodzi ku banki imadutsa K2,000, ndiye bilu imeneyi ndi yoposa K10 miliyoni. Ngakhale tikanasonkha pachibale n'kugulitsa puloti, funso likanakhala loti mapaundiwo tiwagula kuti. Ndipo ngongole ya NHS siiwalika. Munthu akakhala ndi ngongole ya mapaundi 500 kapena kuposerapo kwa miyezi iwiri osalipira kapena kugwirizana za kalipiridwe, chipatala chimapereka dzina lake ku Home Office, unduna wa boma la UK umene umaona za maviza, ndipo akadzafunsiranso viza akhoza kukanidwa. Kwa ife zikanatanthauza kuti agogo sadzapitanso kukaona mdzukulu wawo. Ndikaganiza zimenezi, ndalama imene ndinalipira pa kauntala paja ndimaiona kuti inali yochepa zedi.

Tsopano zimene zinandikhumudwitsa. Amayi atatuluka, dokotala ananena kuti asakwere ndege msanga, ndipo adzabwerenso kudzajambulidwa m'chifuwa pakapita milungu ingapo. Kujambulako sikunali kwadzidzidzi, ndipo kuyambira October 2017 zipatala za ku England zimafuna mlendo alipiriretu chithandizo chimene si chachangu. Tinadziwitsa a nambala ija, koma ulendo uno yankho linachedwa mpaka tsiku linafika, mlongo wanga n'kungolipira yekha. Analipiranso kalata ya dokotala yotsimikiza kuti amayi akhoza kuyenda pa ndege, poti kalata imeneyo si yaulere, komanso ndalama yosinthira tsiku la tikiti. Zonsezi anatiuza kuti tisunge malisiti, adzatibwezera ku ofesi ya ku Lilongwe.

Ku ofesi kuja ndi kumene ndinatha nsapato. Poyamba anati makope a malisiti amene ndinatumiza pa imelo ndi okwanira. Nditapitako anati akufuna enienieni, ndiye tinadikira kuti amayi abwere nawo. Atabwera nawo, anati fomu isainidwe ndi amayi eniake pamaso pawo, munthu wongochira kumene, kukwera minibasi kuchokera ku Area 25 kudzangolemba dzina. Aliyense amene ndinkamupeza ankayambiranso kundifunsa nkhani yonse, ngati fayilo palibe. Ndikaimba foni ankati "bwana amene amasaina sali pampando". Ofesi ya kuno ndi kampani yakunja ija zinkaoneka kuti siziuzana kanthu, moti ine ndi amene ndinkatumiza makalata a uyu kwa uyo. Ndalama zinatuluka patatha miyezi yoposa iwiri. Anachotsapo gawo limene mwini inshuwalansi amalipira yekha, lotchedwa excess, limene linalembedwadi mu mgwirizano koma palibe anandiuza pogula. Ndipo anatipatsa makwacha pa mtengo wa ku banki, pamene mlongo wanga anatulutsa mapaundi. Kuti ndimubwezere mapaundi ake kudzera ku banki komweko ndi nkhani inanso yovuta. Mapeto ake anangoti ndalamazo amayi agulire mankhwala ndi chakudya.

Chinanso chimene ndikufuna kampaniyi ikonze ndi pepala lenilenilo la mgwirizano. Ndi masamba ambiri a Chingerezi cha maloya, zilembo zing'onozing'ono, ndipo lamulo lofunika kwambiri linabisala pakati: muyenera kuimba nambala ija msanga munthu akangogonekedwa, apo ayi akhoza kukana kapena kuchepetsa zolipira. Amene amanyamula pepalali kawirikawiri ndi makolo achikulire. Tsamba limodzi la Chichewa, lonena kuti mukadwala imbani apa, nenani izi, musataye lisiti, silingawonongetse kampani ndalama zambiri. Nambalayonso si yaulere. Ine ndikuimba kuchokera kuno mayunitsi ankatha ndili pa mzere wodikira. Masiku a inshuwalansi nawo anali pafupi kutha amayi asanaloledwe kuyenda. Anawonjezera popanda vuto, koma zinatengera ife kukumbukira n'kupempha, iwo sanatichenjeze. Amene zamukanika kumvana ndi kampani ya inshuwalansi adziwe kuti makampaniwa amayang'aniridwa ndi Reserve Bank of Malawi, ndipo madandaulo amalandiridwa kumeneko. Ife sitinafike pamenepo, koma nditangotchula kuti ndikalembako kalata, fayilo inayamba kuyenda.

Pali gawo lina la mgwirizano limene sitinaligwiritse ntchito, ndipo ndikuthokoza Mulungu, koma ndikupempha muliwerenge musanasaine: kubweretsa wodwala kumudzi ndi namwino womuperekeza, ndiponso kubweretsa thupi zinthu zikavuta. Tonse taonapo mauthenga m'magulu a WhatsApp, abale akupempha zopereka kuti maliro achoke ku Johannesburg kapena ku London, masabata akudutsa, anthu ali pa siwa kumudzi. Pa mgwirizano wathu zimenezi zinalimo, ndi malire ake a ndalama olembedwa padera. Funsani kuti malirewo ndi angati, poti amasiyana kampani ndi kampani.

Inshuwalansi imeneyi si ya munthu amene akupita kunja dala kukalandira chithandizo, ngati amene amapita ku India kapena ku South Africa kukachitidwa opaleshoni. Zimenezo anazikaniratu m'pepala, ndipo mayi wa pa kauntala uja ananenanso pakamwa. Mayi woyembekezera afunsitsitse, chifukwa za uchembere nazo zinali ndi malire ake. Ndi ya munthu wopita kukacheza, kukachita bizinesi kapena kumsonkhano, amene matenda angamupeze mosayembekezera. Malamulo amene ndafotokozawa ndi a ku England; ku Scotland ndi ku Wales ali ndi awo, ngakhale zonsezi zili mu UK.

Amayi akufuna kudzapitanso chaka chamawa mdzukulu akadzayamba kuyenda, ndipo ndidzawagulira ku kampani yomweyi. Ulendo uno chibayo chija chidzalembedwa pa fomu ngati matenda akale, choncho ndikuyembekezera kuti mtengo udzakwera kapena adzachichotsa pa zolipira. Ndidzapempha andilembere pa pepala kuti excess ndi zingati, kuti ndalama zobweza adzapereka m'makwacha kapena m'ndalama imene tinalipirira, ndiponso mtengo wowonjezera kuti BP nayo ilowe mu mgwirizano.